Ndowa Zinaima Pamzere, Shedi Ikuyaka

Munali mu 2019, ine ndili ndi zaka 71. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, moto wa osaka mbewa unatsika m'phiri n'kugwira shedi yanga ya ukalipentala ku Sadzi. M'menemo munali matabwa a paini ndi zipangizo zimene zinandidyetsa moyo wanga wonse.

M'nyumba yanga ya kuseri munkachita lendi amayi ena ophunzitsa sayansi ku yunivesite. Tsiku lina anandionetsa ntchito yawo pa bawo langa. Njere imodzi pa dzenje, zonse zolowera mbali imodzi, ndipo njere siisuntha ngati dzenje la kutsogolo lili ndi inzake. Anati mzere wotere umafika pokhazikika, ndipo masamu amaneneratu ndendende kuchuluka kwa zotuluka. Potulukira pakamachedwa, kukankha polowera n'kungodzaza mzere. Ndinawafunsa ngati amalandira malipiro pa zimenezo. Anati eya. Ndinangoti chabwino.

Tsiku la motolo anthu anabwera, sindikana. Madzi anali kumjigo, ndipo kanjira kopita ku shedi kanapanikizika pakati pa mipanda iwiri ya njerwa, kongodutsa munthu mmodzi. Tinandanda m'menemo n'kumapatsirana ndowa. Kumapeto, pothira penipeni, panaima a tcheya a kumpingo kwathu atavala jekete, poti achinyamata ankajambula pa foni. Ndowa iliyonse ankailandira ngati mbale ya chopereka. Kuiyang'ana, kuthira theka, kubwerera m'mbuyo kuthawa utsi, kenako kuthira theka linalo.

Mzere unaima. Aliyense ndowa m'manja, woti umpatse nayenso ali ndi yake. Kumjigo anyamata ankapopa ngati openga, madzi n'kumangotayikira pansi.

Amayi aja anakuwa: "Kumjigo kwakwana! Achoke bambo awo, pakhale anthu awiri amphamvu kutsogoloko!"

"Mayi, kuno si m'kalasi," anatero a tcheya. "Popani, anyamata, popani!"

Anthu anaseka. Kuseka ndithu, shedi yanga ikuyaka.

Ine ndinali pakati pa kanjirako, kutsogolo munthu, kumbuyo munthu. "A tcheya, tachokanitu apo!"

"Madala, mtima m'malo. Si tikukuthandizani apa?"

Denga linagwa ndowa yanga ndisanaipereke kwa munthu.

Lamulungu lotsatira a tcheya anaima kutsogolo m'tchalitchi, jekete lomwe lija, n'kuthokoza akhristu chifukwa cha umodzi. Ndinatuluka kukalavula panja. Madzulo ake amayi aja anabwera kudzandipepesa. Anati zinayenda ndendende monga masamu awo amanenera. Ndinawauza kuti masamu awowo sanathire ngakhale kapu imodzi ya madzi. Zoona zinali zawo, shedi inali yanga.

Sindinamangenso. Pa msinkhu uwu munthu sayamba kugula sowo.

Zinapsa ndi izi: matabwa 60, zitseko zitatu zomaliza kale, bedi limodzi la mwini wake, masowo anayi, mapuleni awiri opalira matabwa, benchi yogwirirapo ntchito, ndi bawo lija.