Tsiku Limene Agogo a Nthaka Anaseka

Ili faifi koloko m'mawa, mkaka wa soya wawira kale, ndipo Mayi Liao Geok-lan akuswa mazira pachiwaya. Kapu yoyamba sagulitsa. Amaigwira ndi manja awiri, kuwoloka kanjira, n'kukaiika m'kakachisi ka Agogo a Nthaka, mulungu wosamala dera lathu, pansi pa kachere. Kakachisiko n'kakang'ono, munthu salowamo, amangowerama pakhomo. Kale ankasesa ndi apongozi awo, ndipo atamwalira tsache linagwera iwo. Palibe anawasankha, koma kuno kwathu kumapeto kwa mzinda wa Taichung aliyense amadziwa kuti za Agogo ukafunse azakhali a Geok-lan.

Masiku ano sagona bwino. Msewu waukulu wodutsa pamwamba kuno akufuna kuumangira mlatho wotsikira magalimoto, ndipo mzati umodzi ugwera pa kachere penipeni.

Poyamba njira zinali ziwiri: ina yodutsa pakachisi, ina yodutsa poimika njinga zamoto kuseri kwa msika. A mapulani anaitanitsa msonkhano kuholo ya sukulu kuti anthu anene maganizo awo. Mayi Liao sakanapita kukayankhulira munthu wamkulu ngati Agogo asanamufunse. Anayatsa lubani, natenga pue, timatabwa tiwiri tofiira tija timafunsira Agogo. Kamodzi kakagwa chagada kena chafufumimba, ndiye kuti avomera. Tonse chafufumimba, akana. Koma tsikulo tonse tinagwa chagada, kutanthauza kuti Agogo akungoseka. Anaponyanso, anasekanso.

Kumsonkhano, mnyamata wa tayi anaonetsa zithunzi pakhoma, mlatho ukukhotakhota ngati matumbo a nkhumba, pansi pake pali maluwa ndi anthu osekerera. A kumsika anabwera ambiri, ndi nsalu zolembedwa. Anakuwa, anamenya matebulo, mayi wina wogulitsa nsomba analanda maikolofoni osafuna kubweza. Phokoso litazizira, mnyamata uja anafunsa ngati wosamala kachisi alipo.

Mayi Liao anaimirira, nawerama. "Agogo sanayankhe," anatero, n'kukhala pansi.

Iwo ankaona ngati anena chinthu chachikulu, choti aliyense adikire. Mnyamatayo anagwedeza mutu mwaulemu, naitana wina. Patapita miyezi zinamveka kuti mlatho udutsa pakachisi, poti a kumsika anakana koma wosamala kachisi sanatsutse.

Amene amawakumbutsa zimenezi m'mawa uliwonse ndi a Fang, woyendetsa takisi, amene amadya kwa Mayi Liao chiyambire ali mnyamata.

"Azakhali, chapati cha mazira awiri. Nanga abwana anu lero adzuka bwanji, akusekabe?"

"Iwe, pakamwa pako padzapsa. Idya uzipita."

"Ine ndikungonena. Munthu nyumba ikugwa iwe n'kumaseka, si matenda amenewo? Mukanangokuwa ngati mayi wa nsomba uja, bwenzi pano mzati uli kwa iwo."

"Ndikanakuwa za ndani? Kachisi ndi wanga?"

"Ndiye ndi wa ndani? Agogo ali ndi chitupa choti akalembetse kumsonkhano?"

Ogula anaseka. Mayi Liao anatembenuza chapati chimene chinali chitapserera kale.

Si kuti a mapulani akufuna kutaya Agogo kudzala ayi. Alonjeza kakachisi katsopano ka matailosi pansi pa mlatho. Koma pamenepo ndiye pakuwawa Mayi Liao. Magalimoto onyamula nkhumba, onyamula zinyalala, onyamula maliro, onse aziyenda pamutu pa Agogo usana ndi usiku. Ndipo kachere sangasamuke. Mizu yake inakumbatira khoma la kachisi kalekale, moti kugwetsa chimodzi n'kugwetsa zonse.

Msonkhano uja utapita, Mayi Liao anafunsanso Agogo. Kodi muvomera kusamuka? Tonse chafufumimba. Kodi ndikayankhule? Kamodzi chagada, kena chafufumimba. Yankho linabwera loyera, koma mochedwa, ndipo iwo sadandaula za Agogo. Amati mwina tsiku lija anafunsa molakwika, mtima uli pa mkaka umene anasiya pamoto.

Kwatsala msonkhano umodzi Lachitatu. Anthu akuti umenewo ngwongouzana zimene zinatha kale, ena akuti ngati anthu achuluka mzati ukhoza kusunthidwa pang'ono. Palibe akudziwa. Mwana wa Mayi Liao wa ku Taipei anawaimbira foni kuti asiye, asakadzichititse manyazi pa ukalamba. Mayi Liao sanagwirepo maikolofoni chibadwire. Akhala akuyeserera mawu awo potsuka miphika, koma akafika pakati amaiwala, n'kuyambiranso.

Dzulo ndinapita kukagula mkaka mwana ali m'manja. Anandithirira, anatseka kapu, koma sanandipatse. Anayang'ana kaye ngati a Fang apita.

"Mayi a mwana, Lachitatu uli ndi chochita?"

Ndinati ndilibe.

"Ubwere kuholo, mwanayo ubwere naye, akalira alire. Ukhale pambali panga kutsogolo. Mnyamata wa tayi uja akangofunsa za kachisi, ine miyendo idzafa, ndikudzidziwa. Usadzandimvere chisoni. Udzanditsine pantchafu kolimba mpaka ndiimirire, ndipo ndikafuna kukhala pansi ndisanamalize, udzachotse mpando."