Kapitawo Amene Sankalembedwa

Anzake ankamutcha Chipewa chifukwa sankavula chipewa cha kuntchito ngakhale pakudya. Ankapakira mabotolo pakampani yaikulu yopanga zakumwa. Ntchitoyo anamupezera ndi alamu ake, achimwene a mkazi wake, omwe anali kapitawo pomwepo.

Chipewa sankalankhulalankhula, koma anali ndi tsamba pa intaneti lopanda dzina lake. Akaweruka ankakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, n'kumalemba pafoni za kuntchito: makina olira ngati mbuzi, bwana wosamba m'manja akangopereka moni, alonda osecha zikwama mpaka kununkhiza botolo la madzi. Antchito ankawerenga m'basi n'kumafa nako kuseka. Aliyense waudindo analembedwapo. Alamu ake okha ndiwo sankawakhudza, chifukwa cha ulemu.

Mabwana nawonso ankawerenga. Ataona kuti kapitawo mmodzi yekha ndiye satchulidwa, anati wolembayo ndi yemweyo.

Loweruka alamu aja anafika kunyumba. Mpando anaukana.

"Akuti ndine. Akuti ntchito yanga ikutha mwezi uno. Ine ndingalembe zimenezo? Ngakhale meseji amandilembera ndi ana!"

Mkazi wa Chipewa anali kuyanika matewera. Sanacheuke n'komwe.

"Bambo a mwana, auzeni achimwene."

Chipewa anayang'ana pansi. "Ndine, alamu."

Alamu anakokera mpando uja.

"Ndiye anthu onse aja munawalemba, ine ayi? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Ndimakulemekezani."

"Ulemu wanuwo ana anga adya? Ndilembeni. Ndipo musandinyengerere."

Chipewa anagwira foni, koma sanadziwe poyambira. Mkazi wake ndiye anayamba kutchula: zoti achimwene amabweza mimba m'kati akamadutsa akazi a mu ofesi, zoti amapaka polishi wa nsapato pa imvi, zoti amakuwa kuti "changu, changu!" iwo atakhala pakireti.

"Chemwali, za polishizo zisiyeni."

"Zimenezo ndiye zikupulumutseni. Palibe munthu angadzilembe yekha zotero."

Chipewa analemba zonse.

Lolemba kampani yonse inali ikuwatcha a Polishi. Mabwana anaseka nawo, nkhani yochotsa munthu ntchito inazirala. Alamu akadali kapitawo mpaka pano, ndipo mutu anameta mpala. Kunyumba kwa mlongo wawo sabwerako. Akakumana ndi Chipewa pageti amangokweza dzanja, ngati mmene amachitira kwa wina aliyense.