Mtsikana Amene Alangizi Anamudumpha

Ndimakumbukirabe kabotolo koyera kamene kankakhala pawindo la amayi. Munali mapiritsi a achemwali anga, a nyamakazi imene inawatupitsa zala ndi mawondo kuyambira ali aang'ono. Chaka china amayi anapeza makuponi a feteleza, fodya n'kuchita bwino. Tonse tinkasoka fodya m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni. Achemwali singano inkawakanika, ankangotipatsira masamba.

Nyengo yomweyo alangizi a kutchalitchi anasonkhanitsa atsikana otha msinkhu, koma achemwali anawadumpha. "Wodwala uja tisamuvutitse," anatero, ati chifundo. Chifundo chimenecho chimandikwiyitsa mpaka lero.

Tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala ndinapita ndi amayi ndi achemwali. Anamwino anapempha amayi kuti atuluke pang'ono. Amayi anakana, poti kwathu mwana sakamba zoterozo ndi mlendo. Anamwino anangolankhula pamaso pawo pomwepo: "Mankhwalawa ndi oopsa kwa munthu woyembekezera. Mtsikanayu wakula, ayenera kudziwa mmene angadzitetezere."

Amayi anaseka, kuseka kwa manyazi. "Ameneyu? Angamuyang'ane ndani ndi zala zimenezi?"

Achemwali anabisa manja m'chitenje.

Komatu wowayang'ana analipo. Mnyamata wina wa ku Njombwa, amene anatibweretsera feteleza panjinga, ankabwerabe ngakhale feteleza anali atatha kalekale. Ankafika amayi ali kumunda, ndipo achemwali ankaseka monga sindinawamvepo. Ine ndinkangoti amakonda mthunzi wa chigafa chathu.

Nthawi yosankha fodya, mmawa wina achemwali anagwa pakati pa milu ya masamba atagwira pamimba. Chitenje chinali chitanyowa magazi. Amalume anawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala, amayi akuthamanga pambuyo opanda nsapato. Ndinatsala ndekha m'fungo lotsamwitsa la fodya wouma, ndikuganiza kuti sindidzawaonanso.

Achemwali anapulumuka, koma anabwera ali mbuu, osayang'ana munthu kumaso. Kumjigo ndinamva azimayi akunong'onezana kuti achemwali apita padera. Atandiona anasintha nkhani.

Amayi sanakalipe. Anakhala nawo pakhonde, atagwira zala zotupa zija m'manja mwawo, misozi ili chuchuchu, akungobwereza kuti, "Ndinaseka ine. Anandiuza, ine n'kuseka."

Ine, poti ndinali mwana, ndinkaganiza kuti nyamakazi yangotsikira m'mimba. Sindinkamvetsa kuti kuseka chabe kungamulize bwanji munthu wamkulu chonchija.