Matepi a NyaLuhanga

Isabella Luhanga anabadwira ku Chiweta, mwana wachitatu wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni. Mu 1995 analembedwa ntchito yotayipa makalata pa chipatala china chaching'ono cha mpingo, m'mbali mwa msewu wopita ku Kazuni. Anali mayi wofatsa, wosathamanga m'mayendedwe ndi m'mayankhulidwe momwe, ndipo aliyense pachipatalapo ankangomutchula kuti a NyaLuhanga.

Makompyuta atafika mu 2004, akuluakulu anayang'anayang'ana n'kuona kuti wodziwa kugogoda zilembo ndi iye yekha. Anamutumiza ku Mzuzu kukaphunzira kwa masabata awiri. Pobwerako anapatsidwa kiyi wa kachipinda komwe kale ankasungiramo matilesi. Mmenemo ndi momwe anaikamo seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya wodwala aliyense: dzina, mudzi, matenda ndi mankhwala amene walandira.

Ntchito yake yatsopano inali yosaoneka. Tsiku lililonse asanaweruke ankalowetsa tepi m'makina kuti zonse za m'seva zikoperedwe. Tepi ya Lachisanu ankaikulunga m'kansalu, kuiika m'chikwama, n'kukaitsekera m'kabati ya ku ofesi ya tchalitchi, kutsidya kwa msewu. Ankati moto ukabuka kuno, kutsidyako sukafika.

Mu Januwale 2007 mphenzi inagwa masana pamtengo wa kuseri kwa chipatala, seva n'kupsa. Anthu atasokonezeka, Isabella anawoloka msewu mtima uli m'malo, nabwera ndi tepi yake. Seva ina itabwera kuchokera ku Mzuzu, analowetsa tepi ya sabata yathayo. Munalibe kanthu. Ya sabata inzake, chimodzimodzi. Yachitatunso. Makina okopera aja anali atasiya kulemba kalekale, koma kanyali kake kankayakabe, iye n'kumaweruka poganiza kuti zonse zili bwino.

Tepi yachinayi ndi imene inatseguka. Za masabata atatu zinali zitapita. Palibe anamukalipira, koma manyazi anamugwira mpaka chakudya kumukanika. Mwezi wathunthu anakhala ndi mabuku a anamwino, kulowetsanso dzina limodzilimodzi. Kuyambira pamenepo, Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ankatenga tepi iliyonse imene dzanja lagwira, n'kutulutsamo mbiri ya munthu mmodzi kuti aone ndi maso ake kuti ilimodi.

Zaka zinapita. Mu 2016 kunabwera seva yatsopano yosafuna matepi, yotumiza yokha zonse ku malikulu a mpingo. Akatswiri amene anabwera nayo anasamutsa mbiri za odwala okhawo amene ankabwerabe kuchipatala. Za amene anasiya kuoneka zinatsala m'matepi, makumi asanu ndi limodzi kudza imodzi. Kunalamulidwa kuti makina akale akatayidwe, koma Isabella anawaika m'katoni pamodzi ndi zingwe zake ndi kompyuta imodzi yokalamba, n'kukankhira kunsi kwa tebulo.

M'mawa wina mu 2019 analowa m'kachipindamo a Stanley Kamwendo, dokotala wochokera ku Ntcheu amene anali atangotha chaka chimodzi pachipatalapo.

"Mayi, ndili ndi wodwala wondizunguza mutu," anatero a Kamwendo. "Dzina lake Laws Mzumara. Wakhala ku Mbeya zaka khumi ndi chimodzi, kabuku kake ka kuchipatala kanatayika. Chifuwa chamugwira kwambiri. Koma mkazi wake akuti kale analandira mankhwala pompano amene anamusenda khungu, pang'onong'ono kufa. Dzina la mankhwalawo onse awiri sakulidziwa. M'kompyuta mwanga munthuyu mulibe."

"Chinali chaka chanji?"

"Akuti mwana wawo woyamba ali kumsana."

Isabella anapita yekha kuwodi. Anapeza bamboyo akupuma movutika, mkazi wake Nelly atakhala pambali akumupukuta thukuta. Anawalonjera m'Chitumbuka, nafunsa za mwanayo: anabadwa liti, nanga bambo ake podwala mwanayo anali atayamba kuyenda? Nelly anati anali akukwawa, ndipo kunali kotentha, mango asanapse. Isabella anawerengera pa zala. Okutobala kapena Novembala, 2006.

Anabwerera kukachipinda kuja n'kukoka katoni. Kompyuta yokalambayo inalira ngati ikufuna kutsokomola, kenako inayaka. Makina a matepi anameza tepi yoyamba n'kuilavula. Anaipukuta fumbi, nalowetsa tepi yotsukira makina, nayesanso. Inalavulidwanso. Sanapse mtima. Ankadziwa kuti mbiri ya 2006 iyenera kupezekanso m'matepi a zaka zotsatira, choncho anatenga ya kumapeto kwa 2008. Iyi makina anailandira, n'kuyamba kuizunguza pang'onopang'ono.

A Kamwendo anasuzumira kawiri. Ulendo wachiwiri anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Mayi, ikamakwana thuu koloko ndiyenera kumuyambitsa mankhwala. Sindingadikire kupitirira pamenepo."

"Ndamva, adokotala. Tepi siithamangitsidwa. Mukaikakamiza imaduka."

Nthawi ya chakudya chamasana inadutsa iye ali pompo, maso pa kompyuta. Itangopitirira wani koloko, mayina anayamba kutsika. A Mzumara analipo asanu ndi awiri, a Laws awiri. Mmodzi anali wa ku Chitimba, wobadwa mu 1951; ameneyo ayi. Winayo anagonekedwa pa 30 Okutobala 2006, masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Pansi pake namwino wina, amene pofika tsikuli anali atamwalira, analemba kuti wodwalayu asadzapatsidwenso mankhwala a bakitirimu.

Isabella anakopera mawuwo papepala ndi dzanja, poti kompyuta yakaleyo sinkagwirizana ndi makina osindikizira atsopano, napita nalo kuwodi. A Kamwendo anawerenga. Kenako anatulutsa m'thumba la gauni kapepala ka mankhwala kamene anali atalemba kale, namuonetsa. Bakitirimu anali pamzere wachiwiri. Anakang'amba pakati, nalemba kena.

Laws Mzumara anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi anayi. Nelly anafunsa anamwino komwe kumakhala mayi wa makompyuta, nafika pakhomo pa kachipindako atanyamula nthochi phava limodzi.

"Yewo chomene, amama," anathokoza m'Chitumbuka akuwerama. "Ife tinkayesa kuti zakale zija zinaiwalika."

"Yewo. Koma mumuuze bamboyo aloweze dzina la mankhwalawo pamtima, ndipo inunso mulisunge. Kwina kumene mungapite sadzakhala ndi pofufuza."

Sabata yotsatira a Kamwendo anaikamba nkhaniyi pamsonkhano wa ogwira ntchito, ndipo akuluakulu anavomera kuti matepi onse asamutsidwire m'seva yatsopano. Ntchitoyo inamutengera Isabella miyezi isanu ndi iwiri, pafupifupi matepi awiri pa sabata, pakati pa ntchito zina. Matepi anayi anakaniratu kutseguka, koma zambiri za mmenemo anazipeza m'matepi anzake. Zimene zinasoweratu anazilemba pamndandanda, mwezi ndi chaka, kuti wodzafufuza asadzataye nthawi.

Anapuma pantchito mu 2022 n'kubwerera ku Chiweta, komwe amalima chinangwa ndi kuyimba m'kwaya ya amayi. Amene anatenga malo ake, Angela Munthali, amamuimbirabe foni akakumana ndi dzina la mudzi limene anamwino akale ankalilemba mwachidule.