Rula Yodzutsira Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga atatenga pakati koyamba, anabwera kudzakhala nane ku Zakazaka chifukwa mwamuna wake anali ku Joni. Mayi athu, ali kumudzi ku Songani, ananditumizira lamulo limodzi: asamagone masana. Ankati woyembekezera akamagona dzuwa likuswa mtengo, mwananso amadzagona tsiku lobadwa, matenda a kubereka n'kutalika. Tsono ine ukandipatsa ntchito ndimaigwira mpaka kunyanya.

Ndinkasoka pakhonde, iye ali pamkeka pambali pa makina kundiikira mabatani. Mutu ukangoyamba kugwa, ndinkamugogoda paphewa ndi rula yanga yathabwa.

"Dzuka iwe! Ukufuna kutiberekera mlesi?"

"Achemwali, usikutu sindigona ine."

"Bodza! Mkonono wako akuumva mpaka ku Chikanda."

Makasitomala ankaseka, ine n'kumadziona wochenjera. Mkononowo unalipodi, ndipo unayamba ndi mimbayo. Kwa ine, woliza mkonono ndiye kuti wagona tulo tofa nato. Ankandiuza kuti amadzidzimuka pafupipafupi akubanika, kukamacha ali wotopa ngati walima, koma ndinkati ndi manyado a mimba yoyamba.

Mwezi wachisanu ndi chitatu wa mimbayo unagwera m'nyengo ya chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu. Mapazi anatupa, tinati n'za mimba. Kenako nkhope ndi zala. Mutu unkamuwawa osaleka. Tsiku lina m'mawa ndinamupatsa singano kuti alowetse ulusi, iye n'kungoiyang'ana.

"Sindikuona bowo, achemwali. Ndikungoona tinyenyezi."

Ndinasiya diresi la mwini pamakina, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Namwino anamuyeza bipi kawiri, n'kutumiza mkodzo kokayeza. Atabwerera anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo ndi matenda a mimba amene angathe kumugwetsa ngati wakhunyu, n'kutenga mayi ndi mwana yemwe. Kenako anafunsa funso limene m'nyumba mwathu palibe analifunsapo.

"Mukumagona bwanji, mayi?"

Mng'ono wanga anafotokoza zonse zija ankandiuza ine. Namwinoyo anati kusowa tulo ndi mkonono wobanika nthawi zina zimayendera limodzi ndi matendawa, ndiye n'zofunika kuzinena kusikelo.

"Nanga masana mumapumako?"

Mng'ono wanga anandiyang'ana kamodzi, n'kuwerama. "Pang'ono," anatero. Anandibisira, ndipo manyazi amenewo ndikadali nawo.

Sindinena kuti rula yanga ndiyo inabweretsa matendawo. Namwino sanatero, ndipo mwina akanabwerabe. Komanso sindiwada mayi athu. Anabereka asanu ndi awiri m'mudzi wopanda galimoto, ndipo chimene ankaopa n'chakuti mwana wawo angavutike pochira. Chimene chimandipweteka n'chakuti munthu ankandiuza tsiku ndi tsiku chimene chikumuchitikira, ine n'kumayankha ndi nthabwala.

Anamugoneka m'chipatala, ndipo patapita masiku atatu anamuchita opaleshoni. Mwana anabadwa wamng'ono, woti n'kukwana m'bokosi langa la ulusi, koma analira.

Mawa lake ndinafika ndi phala cha m'ma twelofu. Dzuwa linali litatuluka m'nkhungu, likulowa pawindo mpaka pabedi. Ndinamupeza ali m'tulo, pakamwa pali yasa. Ndisanaganize n'komwe, dzanja langa linali litanyamuka kale kulunjika paphewa pake. Ndinalibweza, n'kulikhalira pabenchi. Phala linazizira, ndipo ndinalisiya lizizire.