Mlandu wa Telefoni Yoopa Dzuwa

Ine ndine mkamwini, ndipo imvi zandipeza ndili pa ukamwini womwewo kuno ku Lifidzi. Kwathu kwenikweni ndi ku Domwe, koma kumeneko kunatsala manda a makolo ndi mphwanga amene analima mpaka pamene panali khomo la amayi. Munda umene ndimalima ndi wa akazanga. Dimba ndi la akazanga. Mtengo wa pichesi umene ndimausapo ndinabzala ndine, koma dothi lake ndi lawo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene kanthu kokwana m'thumba la kamiza, malaya aja, kanatsalira pang'ono kundibweza kwathu ndi mphasa pamutu.

Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Tete ndiye anatitumizira telefoni. Sinali ya mabatani ija tinaizolowera, yoti ikagwa umaitola n'kupitiriza nkhani. Inali ya galasi lokhalokha, yoti umachita kuisisita ngati mphaka. Inabwera m'dzina la tonse awiri, koma poti m'nyumba mwathu wophunzira ndine, inagona m'thumba langa. Shikola ndinalekeza terseira kalasi, kalasi yachitatu, ku Fonte Boa, pulofesoro atatopa nane ine nditatopa naye, koma mensaje, uthenga wolembedwa pa telefoni, ndimawerenga ndithu, bola musandiyang'ane pakamwa.

Vuto linali moto. Kwathu magetsi sanafike, tsono telefoni timakakarega, kuithira moto, kwa bambo wina wa baraka, kasitolo ka pamsika. Bambo ameneyu sindinamukhulupirirepo. Munthu amene amaseka asanamve nkhani yonse, muziyenda naye mochenjera. Ndinali nditamva kuti anthu otere amachotsa bateriya yatsopano n'kukuikira yokalamba. Tsiku lina ndikudikira, ndinayang'ana padenga la baraka lake pamene pali painelo imene imadya dzuwa n'kumupatsa moto. Galasi lakuda. Ndinayang'ana telefoni yanga. Galasi lakudanso. Ndinati mumtima, awa ndi mayi ndi mwana, tikungodyeredwa masuku pamutu.

Kuyambira pamenepo, ndikafika kudimba kukathirira kachewere, ndinkaika telefoni chagada pa chivindikiro cha mgolo wachitsulo, nkhope kumwamba, kuti nayo idye dzuwa. Unali mwezi wa Otubulo. Anthu a kumunsi amati kuno ku Angónia ndi kozizira, n'zoona, koma abwere mwezi umenewo masana aone ngati sadzavula nsapato kuti zipume. Moto m'telefoni sunkachuluka ayi, unkatha msanga kuposa kale. Chimenechi chinangonditsimikizira kuti wa baraka uja anaba kale bateriya yanga.

Akazanga anali ndi chizolowezi chondibweretsera thobwa dzuwa lili paliwombo. Mwana wathu nayenso ankapuma kuntchito nthawi yomweyo, ndiye ndi pamene ankatumiza mensaje. Tsiku loyamba telefoni inalira akazanga akutula botolo. Ndinaitola, yotentha ngati mbatata yotuluka m'phulusa. Ndikayang'ana pagalasi, bii! Zilembo zinalipo, koma zili kutali ngati nsomba pansi pa madzi a matope. Ndinatsinzina diso limodzi. Ndinaphimba ndi dzanja. Ndinatembenuka kufulatira dzuwa, ndipo mwatsoka kumene kunali dzuwa n'kumene kunali akazanga. Pomaliza ndinatenga kazako yanga, jekete lija, n'kulowetsa mutu ndi telefoni momwemo.

Nditatulutsa mutu ndinapeza akazanga atandiyang'ana, manja m'chiuno.

"Watani mwanayo?"

"Akuti moni."

"Moni wake ndi wochita kufunda?"

Ndinaseka. Kuseka ndi matenda anga akale, ndipo andipalamulitsa zambiri. Ndinawapatsa telefoni kuti adzionere okha, iwo n'kupeza mdima. Anati, "Mwazimitsa." Ndinati sindinakhudze kanthu. Anati, "Kunyumba imawala mpaka nkhuku kudzuka, lero yachita khungu poti ndabwera ine?"

Zinachitikanso mawa lake, ndi masiku otsatira. Ine ndinali ndi anthu anga owakayikira, ndipo ndinkawasinthasintha ngati zipewa. Wa baraka anali woyamba. Kenako ndinaganiza za redi, netiweki ya ku Malawi, imene imadumpha mapiri n'kulowa m'matelefoni athu osaodira. Ndinati mwina maredi awiri akakumana amamenyana, mdimawo n'fumbi lake. Ndinakayikiranso mkamwini wanga wa ku Tete, mwamuna wa mwana wathuyo, poti ndiye anaikonza telefoniyo asanaitumize. Ndinati kapena anasiyamo diso lake, akafuna kundionera amatseka langa. Koma amene anandikhala kwambiri pamtima anali alamu anga, achimwene a akazanga, mwini mbumba. Dimba lathu lili ndi kasupe wosaphwa, ndipo alamu akadutsa amaliyang'ana monga mmene galu amayang'anira nyama ili pamoto. Tsiku lina anaigwirapo telefoni ija, n'kuiuzira mpweya pagalasi, n'kuipukuta ndi malaya. Munthu amauzira chinthu cha mnzake chifukwa chiyani?

Akazanga analibe anthu ambiri owakayikira. Anali ndi mmodzi. Kutsidya kwa mfuleni kuli dimba la mayi wina wamasiye amene amalima matimati. Ndinamukonzerapo tcheni cha njinga kamodzi, ndipo ndimanena naye nthabwala monga ndimanenera ndi aliyense, ngakhale mbuzi. Mayiyo ali ndi telefoni, ndipo naye masana amakhala pansi pa nthochi akuisisita. Akazanga anawerengera okha: kunyumba telefoni imawala, kudimba imada, kudimba kuli mayi wa matimati, ndikafika ine, mwamuna amalowa m'kazako. Kunena zoona, ndikanakhala woweruza ndine, ndikanadzimanga.

Madzi osamba anasiya kufika kubafa. Mawu m'nyumba anayamba kudzera kwa nkhuku: "Nkhuku iwe, uza anthu ena kuti nkhuni zatha." Kenako m'mawa wina ndinaona akazanga atamanga duku la kutchalitchi tsiku losapemphera, akulowera kwa achimwene awo. Ndinadziwa kuti nkhani yapita kwa ankhoswe.

Mwambo wake mukuudziwa. Nkhani ikafika kumeneko, mwamuna ndi mkazi salankhulananso okha, amalankhulirana kudzera mwa ankhoswe. Alamu ndiwo nkhoswe ya kuchikazi. Kuchimuna anaitana mphwanga wa ku Domwe, amene anabwera pa mota, njinga yamoto, nkhope ili gwa, poti ankadziwa kuti ndikathamangitsidwa ndikadya kwa iye. Asanandipatse n'moni womwe anati, "Achimwene, pa msinkhu wanuwu?"

Ankhoswe amakumana m'mamawa, anthu asanabalalike. Ine ndinakana. Ndinati mboni yanga imadzuka masana. Ndinapempha kuti tikhale pabwalo dzuwa likuswa mtengo, tiike telefoni pakati, aliyense aone ikuda yokha popanda dzanja langa. Alamu anavomera msanga, ndipo kuvomera kwawoko kunandiopsa.

Tsiku la mlandu kunacha bwino. Koma chakumasana kunayamba kamphepo kochokera kumapiri, mitambo n'kusonkhana ngati yaitanidwa. Mwezi wonse kumwamba kunali mbee, tsiku limenelo ndiye chizimalupsa chinaganiza zobwera. Tinakhala pabwalo anthu atafunda, telefoni ili pa mtondo wovundikira. Inawala. Sinawalepo choncho chiilandirire. Pagalasi panali chithunzi cha mdzukulu wanga akuseka, mano awiri panja, ngati akuseka ine.

"Alamu, tikudikira," anatero alamu anga. "Kapena mboni yanu yadwala?"

"Dikirani dzuwa lituluke."

"Tadikira. Kapena tikaitane a matimati, mwina imada ikamva fungo lawo?"

Mphwanga anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana mitambo, kenako alamu. Sindikunena kuti munthu angathe kuitana mtambo. Ndikungonena kuti m'mawa wa tsikulo anthu anawaona alamuwo akuotcha zinyalala kuseri kwa nyumba yawo, utsi uli tolotolo.

Madontho atayamba tinathawira pakhonde, ndipo chigamulo chinagwera pomwepo. Alamu ankafuna ndinyamuke sabata yomweyo. Mphwanga, podziwa kukula kwa mimba yanga, anachonderera ngati akupempha mvula. Anagwirizana kuti telefoni ichoke m'thumba langa ikhale ndi akazanga mpaka tikumbe kachewere. Ikalira n'kumveka mawu a mkazi amene si mwana wathu, kapena ikapezeka kuti siida yokha, ine nditenge nkhwangwa ndi mphasa yanga, ulendo wa ku Domwe. Mkamwini sanyamula zambiri.

Masiku amene anatsatira anali aatali. Akazanga ankaimangirira telefoni pa nsonga ya chitenje, mumthunzi wa m'chiuno mwawo, ndipo kumeneko inkakhala mosangalala. Madzulo aliwonse ankaimasula, n'kuiyatsa patsogolo panga. Inkawala ngati mwezi. Kachewere anali akukhwima, masamba akuyamba chikasu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkathirira mbewu ndikuipempha kuti isafulumire. Alamu anayamba kudutsa kudimba kawirikawiri. Tsiku lina ndinawapeza akuyeza m'mbali mwa kasupe ndi mapazi. Anati akufuna bowa. Bowa mu Otubulo!

Dzuwa linabwerera ndi ukali. Tsiku lina ndinaweruka msanga poti bondo linkandiwawa. Pabwalo ndinapeza ufa uli pamphasa, wayanikidwa, koma mwini wake palibe. Ngodya zitatu za mphasa zinali zotsamizidwa ndi miyala kuti mphepo isaipinde, yachinayi inalibe kanthu. Kenako ndinamva mawu akuchokera pansi pa nkhokwe. Nditasuzumira ndinaona miyendo iwiri yatulukira kunja, zidendene zong'aluka zimene ndingazidziwe pakati pa msika. Thupi lonse linali pansi pa nkhokwe pamodzi ndi nkhuku, mutu utakulungidwa m'chitenje.

Ndinakhala pa mtondo. Ndinapukuta thukuta bwinobwino. Kenako ndinatsokomola.

Miyendo ija inauma.

"Odi kunsi kuno," ndinatero. "Kodi alendowo tiwaphere nkhuku iti?"

Anatuluka chafutambuyo, mutu uli ndi ulusi wa akangaude ndi nthenga. Chimene chinachitika n'chakuti mwala wachinayi utasowa, anatsamiza mphasa ndi telefoni. Mwana ataimba pa vidiyo, anaitola ili moto, nkhope ya mwanayo osaoneka, ndipo anathamanga nayo kufuna mdima mpaka anaupeza pansi pa nkhokwe. Mwanayo anali akadali pa telefoni, akufunsa kuti phokosolo n'lachiyani. Amayi ake anamuuza mwachidule, mosakondwa. Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa. Anati telefoni zimenezi zikatenthedwa zimadzichepetsera zokha kuwala kuti zisapse m'kati, ndipo padzuwa lowala maso athu saona kanthu. Anati tisamaisiye padzuwa, bateriya imafa. Atamva kuti nkhani inafika kwa ankhoswe anasiya kuseka, n'kufunsa chifukwa chake sitinamufunse iye poyamba. Tinayang'anana. Nkhani ya m'banja munthu ungafunse mwana wobala wekha?

Ine mawu akewo ndinawalandira ndi dzanja limodzi. Chinthu chimene chinawoloka nyanja zamchere n'kufika mpaka ku Lifidzi, chingaope dzuwa la kwathu? Koma poti mawuwo ankandipulumutsa, sindinawafunse mtundu wawo.

Akazanga nawo sanagonje. Atatseka telefoni anakutumula chitenje nati, "Mwana ameneyu chibadwire amaikira kumbuyo abambo ake."

"Koma mwadzionera nokha."

"Ndaona kuti yada. Sindinaone kuti inu ndinu woyera."

"Tsono ndizimanga mphasa?"

Anayang'ana ufa, anayang'ana bondo langa lotupa. Anati, "Mukapita ku Domwe, kachewereyu akumba ndani? Achimwene aja ndi msana wawo uja?" Kenako anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina koma nkhuku. "Zoti munandipeza pansi pa nkhokwe zikamveka pamudzi pano, mudzapita opanda ndi mphasa yomwe."

Apa ndiye panagona vuto. Kuti mlandu utsekedwe, mwambo umafuna kuti amene anautsegula abwerere kwa ankhoswe akanene chimene wapeza. Akazanga sakanatha kunena chimene anapeza popanda kunena kumene anachipezera. Anandiuza kuti ndipite ndine. Ndinati woimbidwa mlandu sadzimasula yekha. Anati ndiye zikhale choncho. Madzulo amenewo madzi osamba anafika kubafa, otentha kwambiri moti ndinakayikira ngati n'chikondi kapena chilango.

Kachewere tinakumba, tinabzala chimanga, tinakolola. Kwa ankhoswe sikunapite munthu. Mwalamulo la pamudzi, ine ndikadali munthu woyembekezera chigamulo, ndipo ndalemba izi podziwa kuti akazanga sawerenga, alamu nawo maso anayamba kuwavuta. Ndikakumana nawo panjira ya kudimba amaima, n'kundiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi.

"Alamu, mukadalipo?"

"Ndikadalipo, alamu. Madzi a pakasupe paja akukupatsani moni."