Setifiketi ya nkhunda ziwiri

Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, maloya a ku Leicester amene amaona milandu ya mabanja amakhala ndi tsiku lothandiza anthu kwaulere. Ali ndi kagulu kawo mkati mwa bungwe lalikulu la maloya, ndipo kaguluko kali ndi ntchito zake za pachaka: maphunziro, misonkhano, phwando limene ife sitiitanidwako, kenako tsiku limeneli. Amabwereka holo, kuyala matebulo, pa tebulo lililonse n'kuikapo bokosi la tishu. Ine ndinkapitako ngati womasulira Chichewa. Chingerezi cha kuntchito tonse timachidziwa, koma munthu akafika pofotokoza zimene mwamuna wake anamuchita, Chingerezicho chimamuthawa.

Wapampando wa kaguluko amasintha chaka ndi chaka, ndiye chaka chilichonse ndinkayambiranso kufotokozera watsopanoyo kuti nkhoswe ndi ndani. Ankalemba m'kabuku kwinaku akugwedezera mutu, n'kunena kuti ndi mwambo wokongola kwambiri. Chaka chotsatira kunkabwera wina ndi kabuku kakenso.

Ndivomere kuti ndinkapitako modzimva. Ndinali nditatha zaka khumi ndi zisanu pabanja, ana awiri, ndipo kutchalitchi ndine amene ankandituma kukalangiza atsikana olowa m'banja. Ndinkakhala pakati pa loya ndi munthu wolira, kumasulira mosaphonya liwu, koma mumtima ndikuti, inunso mukanapirira. Tishu ndinkamukankhira munthu ndi chala chimodzi.

Ukwati wanga unachitikira konkuno. Ine ndi abambo akunyumba tinakumana pa basi, aliyense ali kale ndi mapepala ake a ntchito, ine kosamalira okalamba, iwo ku weyahausi yosungira katundu. Tinabwereka holo ku Braunstone. Ankhoswe anali pa foni kuchokera ku Ntcheu, mawu akudukaduka, ndipo abusa a mpingo wathu, umene mpaka lero umapempherera mu holo ya sukulu, anatidalitsa n'kutipatsa setifiketi ya m'mbali mwagolide, pamwamba pali nkhunda ziwiri. Ndinaiika mu fulemu n'kuipachika pabalaza. Palibe ofesi imene inatifunsapo za pepalalo, ndipo ine ndinkati n'chifukwa choti banja lathu limaonekera lokha.

Chaka chimene ndikunenachi, pa tebulo langa panabwera mayi wina wochokera ku Normanton, atavala yunifomu ya ntchito mkati mwa jekete. Sanalire. Anakhala pansi, chikwama pamiyendo, n'kundiyang'ana ine.

"Asisi, muwauze kuti ndikufuna divosi. Ndatopa. Ndili ndi shifiti ya madzulo, asandichedwetse."

Loya wa tsikulo anali mayi wachizungu wa mawu otsika, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anafunsa kumene ukwati unachitikira. Ndinamasulira.

"Mu holo, ku Hyson Green."

Anafunsa amene anamangitsa.

"Abusa."

Anafunsa ngati anakalembetsa ku ofesi ya khonsolo, kapena ngati panabwera munthu wa boma wolemba maukwati.

"Kukatani ku khonsolo? Setifiketi ndili nayo."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala. M'mbali mwagolide, pamwamba nkhunda ziwiri. Ndinalizindikira ngati mmene umazindikirira chitenje chako chili m'chiuno mwa munthu wina.

Loya uja anavala magalasi, n'kuliwerenga mwaulemu mpaka pansi. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono kuti pepalalo ndi labwino ndithu pamaso pa mpingo, koma mwambowo unachitikira kuno, mu holo wamba, popanda wolemba maukwati wa boma, choncho pamalamulo a dziko lino ukwati panalibe. Anawonjezera kuti kukhalira limodzi zaka zambiri sikusintha kanthu. Ine ndinkamasulira, pakamwa pakuyenda pokha. Pamene ndimafika pa mawu oti mwamuna akamwalira osasiya wilu, lamulo silikuwerenga kuti ndiwe mkazi wake, ndinamva mawu anga akuchepa.

Mayi wa ku Normanton anayang'ananso pepala lake. Kenako nkhope yake inayamba kuwala.

"Ndiye kuti ndine mbeta?"

Ndinamufunsira. Loya anati za ana n'zofunika kukambirana bwino, koma divosi safunika.

"Asisi, ine ndimaopa makhoti osagona tulo. Kani ndi kungopakira basi."

Anaseka mpaka a pa matebulo ena anatembenuka. Amene anatenga tishu ndinali ine. Loya anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndili ndi mtima wabwino kwambiri, si onse omasulira amene amamvera anzawo chisoni chonchi. Ndinathokoza. Ndinachita manyazi, ndipo ndinali ndi mantha.

Pa basi yobwerera ndinawerenga atsikana amene ndinawalangiza, ndikuwauza za ulemu wa banja, ine mwini ndili chibwenzi cha munthu wa imvi. Pofika ku Braunstone manthawo anali atasanduka mkwiyo, ndipo ndinali nditakonza kale mmene ndiwaululire abambo akunyumba kuti nawonso agwe nayo.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atanjuta m'kadimba kawo, akuthyola mpiru wotsiriza chisanu chisanaupsereze. Sindinavule n'komwe jekete.

"Bambo, mukudziwa kuti inu ndi ine si banja?"

Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka. Iwo anapitiriza kuthyola, tsamba limodzi, lachiwiri, n'kuika m'mbale.

"Akuuzani maloya anu aja?"

"Akundiuza chiyani? Inu mumadziwa?"

"Mnzanga wa kuntchito zinamuchitikira. Ndinakafunsa. Papita zaka zisanu ndi chimodzi."

Ndinawalankhula. Sindilemba zonse pano, koma aneba athu amene samva Chichewa anatseka windo. Ndinawakumbutsa kuti ali ndi BP, kuti amanyamula makatoni tsiku lonse, kuti akanagwa kuntchito ine ndikanakhala ndani. Ndinawafunsa ngati ali ndi wina amene akumusungira malowo. Ndinawafunsanso ngati ankaseka mumtima pondiona ndikupukuta fulemu Loweruka lililonse. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

Kenako anaimirira, bondo likulira, mbale ili m'manja.

"Mayi, kukasaina si vuto. Ndinabukapo kawiri, n'kukansela. Kumeneko amakakufunsaninso ngati mukufuna. Tsiku lija ku holo munavomera musanandidziwe. Pano mukundidziwa."

Munthu amene ndinkamuyesa wosasamala, amene amaiwala tsiku langa lobadwa chaka chilichonse, anali atayenda ndi mantha amenewa zaka zonsezo, akudya nane mbale imodzi. Zinandikhudza, koma mkwiyo unali usanathe, ndiye ndinawauza kuti ndiganiza kaye. Anangovomera ndi mutu ngati munthu amene amayembekezera zomwezo.

Ndinaganizadi, masiku atatu. Ndinakumbukira zambiri, zina zoti mayi wa ku Normanton akanapakira nazo kalekale. Iwo masiku amenewo anatsuka mbale, anakonza chitseko cha bafa chimene chinawonongeka mwana wathu wachiwiri asanayambe sukulu, ndipo ankayenda m'nyumba mwakachetechete ngati munthu wa lendi. Mwana wathu wamkazi anandifunsa m'Chingerezi ngati adadi akudwala.

Ku ofesi ya khonsolo tinapita kawiri, koyamba kukalembetsa, kenako patatha mwezi ndi masiku kukamanga. Mboni zinali anzathu awiri ochokera ku shifiti, wina akuyasamula. Panalibe nyimbo, panalibe perekaniperekani. Mayi wolemba maukwati anayamba ndi abambo akunyumba, ndipo iwo anabwereza mawu a lumbiro mofulumira mpaka kupunthwa pa dzina lawo lomwe. Atatembenukira kwa ine, ndinali nditakonza zoti ndikhale kaye chete pang'ono, awone kuti nanenso ndine munthu. Koma ndinawayang'ana. Anali atagwira chipewa ndi manja onse awiri, maso ali pansi. Ndinayankha msanga, chifukwa sindikanatha kuwaona akudikira choncho.